Kodi khansa ya m'mapapo ya achimwene anga ili m'magazi mwathu?

Funso: Adokotala, ndimakhala ku Indiana m'dziko la America. Achimwene anga a zaka 54, amene anabwera kuno zaka 20 zapitazo, awapeza ndi khansa ya m'mapapo yotchedwa adenocarcinoma, ndipo yafika kale m'mafupa. Ali mnyamata ankasuta ndudu zitatu kapena zinayi patsiku koma anasiya kalekale. Mnzanga wa kutchalitchi akuti mapiritsi atsopano a khansayi amagwira anthu a ku Asia okha, ndiye kupimitsa chotupa n'kungotaya ndalama. Mwana wanga akufuna tigule kabokosi kopimira malovu kuti tidziwe kumene makolo athu anachokera. Ndawerenganso kuti anthu akuda kuno amafa kwambiri ndi matendawa. Kodi vuto lili m'magazi mwathu? Ana athu nawonso adzadwala?

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi matenda a achimwene anu. Ndiyankha zonse, koma pali chinthu chimodzi chosafunika kugonetsa, ndiye ndiyambe nacho. Chotupacho chipimidwe DNA yake, kutanthauza malangizo olembedwa m'kati mwa maselo ake. Ngati dokotala sanatumize kale ku labu kanyama kamene anatenga pa chotupacho, mukamufunse sabata ino. Mnzanu uja amakufunirani zabwino, koma nkhaniyi anaimva theka, ndipo theka limene silinamufikelo ndi limene lingawonjezere masiku a achimwene anu.

M'kalata yanu muli zinthu zitatu zimene anthu amaphika mumphika umodzi. Pali bokosi limene achimwene anachonga pa fomu ya kuchipatala lonena kuti iwo ndi munthu wakuda. Pali DNA imene anabadwa nayo, yochokera kwa bambo ndi mayi anu, imene inunso muli nayo mbali yake. Ndiye pali DNA ya chotupacho, imene si yofanananso ndi ya thupi lonse. M'selo lililonse muli timagawo ta malangizo pafupifupi 20,000 totchedwa majini. Mawuwa asakusokonezeni ndi majini a mizimu aja. Awa ndi malangizo chabe ouza selo nthawi yokula, yogawikana ndi yofa. Khansa imayamba selo limodzi la m'mapapo likalakwitsa pokopera malangizowo, kapena utsi ukawawononga, kenako selolo n'kumaswana osaleka. Zolakwika zotere zimachitika munthu atabadwa kale ndipo zimakhala m'chotupa momwemo. Kupima malovu kofufuza za makolo sikuzipeza. Choncho kabokosi ka mwana wanu kakhoza kukuuzani za agogo, koma za mankhwala oyenera achimwene sikanena kalikonse.

Nkhani ya anthu a ku Asia ili ndi pochokera. Mu 2002 dziko la Japan linavomereza piritsi lotchedwa gefitinib. Odwala ambiri silinawathandize kwenikweni, koma ochepa ankachira modabwitsa: munthu amene amalephera kufika kubafa chifukwa cha befu, pakatha milungu iwiri n'kumayenda panja. Madokotala anaona kuti amwayiwa kawirikawiri anali akazi, anthu osasuta, odwala adenocarcinoma, ndiponso ochokera kum'mawa kwa Asia. Chifukwa chake chinadziwika mu 2004, pamene magulu a ofufuza a ku Boston ndi ku New York anapeza kuti zotupa za anthuwa zinali ndi kusintha m'jini yotchedwa EGFR. Jini imeneyi imapanga kanthu kokhala pakhungu la selo kamene kamagwira ntchito ngati swichi ya magetsi. Ikasintha, swichiyo imakanirira poyatsa, ndipo piritsi lija ntchito yake ndi kuizimitsa. N'zoona kuti kusinthaku kumapezeka kwambiri kum'mawa kwa Asia, pa odwala adenocarcinoma 40 mpaka 50 mwa 100 alionse, pomwe kwa azungu ndi 10 mpaka 15.

Mbali imene mnzanu sanaimve inatuluka mu 2009, pa kafukufuku wotchedwa IPASS amene anatsogolera ndi Tony Mok wa ku Hong Kong. Odwala onse oposa 1,200 anali a ku Asia, osasuta kapena osuta pang'ono. Amene zotupa zawo zinali ndi kusintha kwa EGFR anapindula kwambiri ndi piritsi kuposa ndi kemo, mankhwala a m'mitsempha opha maselo a khansa. Amene analibe kusinthako, ngakhale anali a ku Asia omwewo, piritsi linawagwiritsa fuwa la moto, ndipo matenda awo anakula msanga kuposa a anzawo olandira kemo. Kuyambira pamenepo tinadziwa kuti piritsi limatsata chimene chili m'chotupa. Nkhope ya wodwala siliiona.

Sindikufuna kukunamizani kuti makolo alibe nazo gawo. Mu 2021 kunatuluka kafukufuku wa zotupa zoposa 1,100 za odwala a ku Mexico ndi ku Colombia, kumene anthu ambiri ndi osakanikirana magazi a eni nthaka a ku America, azungu ndi anthu a ku Africa. Anapeza kuti munthu akakhala ndi gawo lalikulu la DNA ya eni nthaka, chotupa chake chimakonda kukhala ndi kusintha kwa EGFR, ndipo kusintha kwa jini ina yotchedwa KRAS kumachepa, ngakhale atawerengera za kusuta. Tanthauzo lake n'lakuti chibadwa cha munthu chili ngati dothi: dothi lina limameretsa udzu wamtundu wina mosavuta. Komabe mlimi saweruza munda wake ndi mbiri ya dothi la boma lonse. Amapita kukaona chimene chamera.

Nanga kwa anthu akuda? Apa m'pamene mphekesera ya mnzanu inabadwira. Kafukufuku wina wa mu 2009, wa odwala akuda a ku America ongopitirira 50, anapeza kusintha kwa EGFR mwa 2 okha pa 100 alionse, ndipo nkhani inafala kuti akuda alibe. Anthu 50 ndi ochepa kwambiri poweruza mtundu wonse. Mu 2017 ofufuza ena anayerekeza zotupa pafupifupi 500, theka za akuda theka za azungu, ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni pa majini akuluakulu amene tili ndi mankhwala ake. Mwayi wa achimwene anu choncho si wochepa kuposa wa mzungu wogona bedi loyandikana nawo. Ndiponso poti anasuta pang'ono n'kusiya kalekale, mwayi wawo ndi wokulirapo, chifukwa kusintha kotere kumapezeka kwambiri mwa osasuta ndi osuta pang'ono a mtundu uliwonse.

EGFR si yokha. Pali ALK, imene gulu la Hiroyuki Mano linaitulukira m'khansa ya m'mapapo ku Japan mu 2007, ndipo imapezeka mwa odwala 3 mpaka 5 pa 100. Pali ROS1, RET, MET, BRAF, HER2 ndi NTRK. Ngakhale KRAS, imene kwa zaka zambiri tinkati ilibe mankhwala, mtundu wake wotchedwa G12C unapeza piritsi la sotorasib mu 2021. N'chifukwa chake masiku ano sitipima jini imodzi imodzi. Mukapemphe kupima kotchedwa NGS, kumene kumawerenga majini ambiri nthawi imodzi. Phindu lake si la m'mabuku chabe: pa kafukufuku wa FLAURA wa mu 2018, odwala a EGFR amene anamwa piritsi latsopano lotchedwa osimertinib anakhala miyezi pafupifupi 19 matenda asanayambenso kukula, pomwe pa mapiritsi akale inali miyezi 10. Sikuti khansa yofalikira imatheratu, ayi. Koma munthu amamwa piritsi limodzi patsiku ali kunyumba kwake, tsitsi osathothoka, ena n'kubwerera kuntchito.

Ndikuuzeni mmene zimakhalira ku labu kuti mudziwe zofunsa. Kanyama kamene anatenga ndi singano kamakhala kochepa ngati kambewu ka mpunga. Amakaika m'kachidutswa ka phula, n'kumasenga timapepala topyapyala kwambiri toika pa galasi. Kusenga kulikonse kumadya kanyamako, ndipo nthawi zina kamatha asanafike popima majini. Lipoti likabwera lonena kuti kanyama kanachepa, ena amangoti basi palibe chapezeka, n'kuyamba kemo. Zimenezo musazivomere. Kanyama kuchepa ndi chinthu china, kusintha kusapezeka ndi chinanso. Angathe kupima magazi pofufuza tizidutswa ta DNA ya chotupa, kapena kutenganso kanyama kena. Zotsatira zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina zitatu. Ngati achimwene sali pangozi ya lero lomwe, madokotala ambiri amasankha kudikira zotsatirazo asanayambe mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, monga pembrolizumab. Mankhwala amenewa sagwira bwino pa zotupa za EGFR, komanso munthu akawalandira kenako n'kuyamba osimertinib, mapapo ake akhoza kutupa moopsa.

Tsopano tibwere ku zimene munawerenga zija, chifukwa ndi zoona ndipo ine zimandiwawa. Amuna akuda ku America amadwala khansa ya m'mapapo kwambiri kuposa amuna achizungu, ndi pafupifupi 12 pa 100, pomwe akazi akuda amadwala mocheperapo kuposa akazi achizungu. Apa pokha pakuonetsa kale kuti khungu silingafotokoze zonse, pakuti mwamuna ndi mlongo wake makolo awo ndi amodzi. Ndipo akadwala, akuda amapezeka matenda atakula kale, salandira opaleshoni mofanana ndi anzawo, ndipo amafa msanga.

Kafukufuku amene ndimafuna aliyense wonena za magazi atamudziwa ndi wa Peter Bach ndi anzake wa mu 1999. Anaona odwala achikulire amene khansa yawo inapezeka ikadali yaing'ono, yotheka kuchotsa ndi opaleshoni. Mwa azungu, 77 pa 100 anachitidwa opaleshoni. Mwa akuda, 64. Patatha zaka zisanu, amoyo anali 34 pa 100 mwa azungu ndi 26 mwa akuda. Koma atayerekeza okhawo amene anachitidwa opaleshoni, akuda ndi azungu anakhala ndi moyo mofanana. Chotupa chinali chimodzimodzi, thupi linkachira chimodzimodzi. Chimene chinasiyana ndi amene anafika pa tebulo la opaleshoni. Patapita zaka, zipatala za ku Greensboro ndi ku Pittsburgh zinayesa njira yotchedwa ACCURE. Anaika namwino wotsatira wodwala aliyense, ndi kompyuta yochenjeza munthu akaphonya tsiku lake kapena chithandizo chikachedwa, ndipo madokotala ankaonetsedwa ziwerengero zawo malinga ndi mtundu wa odwala. Kusiyana pa kumaliza chithandizo kunatsala pang'ono kutheratu. Palibe jini ya munthu imene anaikhudza.

Kupima anthu asanadwale nakonso kunali kokondera, ngakhale opanga malamulo sanalinge kutero. Kafukufuku wamkulu wa NLST, amene mu 2011 anasonyeza kuti sikani ya CT, yojambula m'kati mwa chifuwa, imachepetsa imfa za khansa ya m'mapapo ndi 20 pa 100, anali ndi anthu oposa 53,000, koma akuda sanakwane 5 pa 100. Lamulo la mu 2013 lochokera pamenepo linati woyenera sikani ndi wa zaka 55 mpaka 80 amene wasuta paketi imodzi patsiku kwa zaka 30. Vuto n'lakuti akuda ambiri amasuta ndudu zochepa patsiku ndipo amadwala ali ocheperako zaka. Mu 2019 ofufuza ataona osuta amene anapezekadi ndi khansayi kum'mwera kwa America, anapeza kuti lamulolo likanagwira azungu 56 pa 100 koma akuda 32 okha. Mu 2021 analisintha, kutsitsa zaka kufika pa 50 ndi kusuta kufika pa zaka 20. Pa kupima chotupa kumene tikunena pano, ziwerengero zimene zinatuluka mu 2021 zinasonyeza kuti NGS inachitika kwa azungu pafupifupi 50 pa 100 ndi kwa akuda pafupifupi 40. N'chifukwa chake mawu a mnzanu andidetsa nkhawa. Munthu akakhulupirira kuti mtundu wake ulibe kusinthako safunsa, dokotala wotanganidwa naye satumiza, ndipo mapeto ake ziwerengero zimaoneka ngati zikuvomereza bodzalo.

Onjezanipo fodya wa menthol, wozizira kukhosi uja. Kwa zaka zambiri makampani a fodya ankamutsatsa mwadala m'madera ndi m'magazini a anthu akuda, ndipo lero osuta akuda pafupifupi 85 pa 100 amasuta ameneyu. Amabisa kuyabwa kwa utsi, zimene zimapeputsa kuyamba n'kulemetsa kusiya. Bungwe la FDA, loona za zakudya, mankhwala ndi fodya ku America, linanena mu 2022 kuti likufuna kumuletsa, koma mu January 2025 boma linabweza ganizolo.

Pali kachigawo kamene mwina n'ka thupi lenileni. Kafukufuku wa ku Hawaii ndi ku California wa mu 2006 anapeza kuti pakati pa anthu osuta ndudu zofanana kuchuluka, makamaka osuta pang'ono, akuda ndi eni nthaka a ku Hawaii ankadwala kwambiri kuposa azungu, pomwe a Chijapani ndi a Chilatino ankadwala mocheperapo. Mbali ina imakhudza mmene chiwindi chimagayira nikotini kudzera m'jini ya CYP2A6, komanso mmene munthu amakokera utsi pa ndudu iliyonse. Ndimaitenga nkhaniyi mozama, koma ikaikidwa pa sikelo pamodzi ndi opaleshoni yosachitika, sikani yosaperekedwa ndi inshulansi yosowa, siilemera kwambiri.

Chinanso chokhudza banja lanu mwachindunji: achimwene anu achonga bokosi limodzi ndi munthu wobadwira ku Mississippi, koma mbiri ya DNA yawo ndi yosiyana. Makolo a akuda ambiri a ku America anatengedwa ukapolo kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo pa avereji pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a DNA yawo ndi la ku Ulaya. Africa ndiye kontinenti yosiyanasiyana DNA kuposa ina iliyonse. Mu 2020 gulu la ofufuza lotchedwa H3Africa litawerenga DNA ya anthu 426 okha a m'mayiko 13, linapeza kusiyana koposa 3 miliyoni kumene sikunalembedwepo. Ofufuza aonanso kuti akuda obadwira kunja kwa America, monga a ku Jamaica ndi ku Haiti okhala ku Florida, amafa ndi khansa ya m'mapapo mocheperapo kwambiri kuposa akuda obadwira mommo. Ziwerengero zimene munawerenga zikunena za moyo wa m'dzikolo kwa mibadwo yambiri. Si chiweruzo pa achimwene anu.

Kusowa kwa DNA ya ku Africa m'nkhokwe za ofufuza kuli ndi vuto limodzi lenileni loti mulidziwe. Pa ntchito yaikulu ya TCGA, imene inawerenga zotupa za anthu oposa 11,000, ochuluka kwambiri anali azungu, ndipo pa kafukufuku wa majini ndi matenda padziko lonse, anthu a makolo a ku Africa ndi pafupifupi 2 pa 100. Ma labu ambiri amapima chotupa chokha osapima magazi a mwini wake. Pofuna kusiyanitsa zosintha za khansa ndi zimene munthu anabadwa nazo, amayerekeza ndi nkhokwe zija. Munthu wa ku Ntcheu ali ndi zobadwa nazo zambiri zosavulaza zimene nkhokwe sizikuzidziwa, ndiye kompyuta imaziwerenga ngati za khansa. Nambala yotchedwa TMB, yonena kuchuluka kwa zosintha m'chotupa, imakwera monama, ndipo kafukufuku wa mu 2022 anasonyeza kuti izi zimachitika kwambiri kwa anthu a makolo a ku Africa ndi ku Asia. Popeza nambalayi nthawi zina imathandiza kusankha mankhwala odzutsa chitetezo aja, lipoti likanena kuti TMB ndi yokwera, mufunse ngati anayerekeza ndi magazi a achimwene. Mukaonanso pa lipoti zosintha zolembedwa kuti tanthauzo lake silikudziwika, musachite nazo mantha. Kwa ife zimatuluka zambiri pa chifukwa chomwechi.

Za ana, mtima ukhale m'malo. Kusintha kwa m'chotupa sikupita kwa mwana. Alipo mabanja ochepa kwambiri obadwa ndi kusintha kwa EGFR kotchedwa T790M, ndipo lipoti likasonyeza zimenezo munthu asanamwe piritsi lililonse, kapena ngati m'banja mwanu angapo adwalapo khansa ya m'mapapo ali aang'ono, dokotala adzakutumizani kwa mlangizi wa za majini. Kupatula apo, kukhala ndi kholo kapena m'bale amene anadwala kumakweza chiopsezo ndi pafupifupi theka, ndipo mbali ina ya kukwerako ndi utsi ndi mpweya umene banja limapumira limodzi. Ndalama ya kabokosi ka malovu ija ndikanakonda igule kopimira radon. Umenewu ndi mpweya wosaoneka, wosanunkha, wotuluka m'nthaka n'kudzaza zipinda zapansi, ndipo m'madera ambiri a Indiana ulipo wochuluka. Ku America ndiwo wachiwiri kwa fodya poyambitsa khansayi, ndipo akuti umapha anthu pafupifupi 21,000 pachaka. Mumangoika kabokosiko m'chipinda chapansi masiku ochepa n'kukatumiza pa positi, ndipo nyumba ikapezeka nawo wambiri imakonzeka.

Mukamaimbira foni abale kumudzi kuwauza za matendawa, pali china choti muwatchulire. Kwathu khansa ya m'mapapo imabisala kumbuyo kwa TB. Ndikukumbukira bambo wina amene ali mnyamata anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni. Ankatsokomola, kuonda, makhololo a magazi. Makhololowo anapimidwa kawiri osapezeka kachilombo, komabe anamwa mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi, osaphonya tsiku, kakhadi kawo kochongedwa bwinobwino akukasunga m'pepala la pulasitiki m'thumba la jekete. Pamene ankafika kwa ife mawu anali atasasa, ndipo pamwamba pa fupa la m'khosi panali kachotupa kolimba ngati mwala. Fumbi la m'migodi, chingambwe, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera ndi HIV, zonsezi zimakweza chiopsezo. Ngati alipo m'bale wopitirira zaka 40 amene wamwa mankhwala a TB miyezi iwiri osasintha, makamaka ngati makhololo sanasonyeze kachilombo, abwerere kuchipatala ndi kakhadi kake ndi X-ray yoyamba ija, akapemphe kujambulidwanso ndi kutumizidwa kuchipatala chachikulu.